DLSS, FSR kapena XeSS: Iti Ikuyenera Kompyuta ya ku Salima?

Mukatsegula masetingi a gemu yolemera ya masiku ano, kaya ndi Cyberpunk 2077, Forza Horizon 5 kapena Marvel's Spider-Man Remastered, mumapeza malo osankha pakati pa maina atatu: DLSS ya Nvidia, FSR ya AMD ndi XeSS ya Intel. Zonse zitatu zimalonjeza chinthu chimodzi, chakuti gemu izithamanga kwambiri koma chithunzi chisawonongeke. Si bodza ayi. Kungoti lonjezolo limakwaniritsidwa bwino kwa munthu wa sikirini ya 4K ndi khadi la graphics lodula, ndipo ambiri mwa anthu amene amayerekeza zinthuzi pa YouTube amayesera pa zipangizo zoterozo. Kuno ku Salima ambirife timasewera pa laputopu yogula kwa munthu, kapena pa kompyuta yolumikiza ku TV ya mainchesi 32, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tikangotengera zimene iwo asankha, timadabwa kuona gemu yathu ili chimbuuzi pamene yawo inali yowala bwinobwino.

Nkhani yonse yagona pa masamu ochepa. Sikirini ya 1080p ili ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, 1920 mopingasa ndi 1080 chotsika, onse pamodzi 2,073,600. Kuti gemu iyende pa 60 fps, kutanthauza mafulemu (zithunzi zotsatizana) 60 pa sekondi, khadi liyenera kuwerengera mtundu wa kadontho kalikonse maulendo 60 pa sekondi imodzi. Upscaling, ntchito imene DLSS, FSR ndi XeSS zimagwira, imapeputsa katunduyo: gemu imajambulidwa pa resolution yaing'ono, ya mapikiselo ochepa, kenako pulogalamu imakuza chithunzicho kuti chidzaze sikirini, n'kuyesa kubwezeretsa zimene zasowa.

Yaing'onoyo ndi yaing'ono bwanji? Pa DLSS ndi FSR, mukasankha Quality mbali iliyonse ya chithunzi imagawidwa ndi 1.5, pa Balanced pafupifupi ndi 1.7, pa Performance ndi 2, ndipo pa Ultra Performance ndi 3. Ndiye wa 4K, imene ndi 3840x2160, akaika Performance, gemu yake ikujambulidwa pa 1920x1080. Onani bwino pamenepa: setingi imene iye akuiona ngati yotsika ikuyambira pa chithunzi chathunthu cha sikirini yanu. Inu wa 1080p mukaika Quality, mukuyambira pa 1280x720, mapikiselo 921,600, osafika ngakhale theka. Mukaika Performance mwatsikira pa 960x540, gawo limodzi mwa magawo anayi. Wa TV ya 1366x768 akaika Quality ali cha pa 911x512. Zili ngati kusungunula Sobo. Wa botolo lodzaza akathira madzi, alendo amamwa osadandaula. Wotsala ndi kapansi pokha akathira madzi omwewo, amamwetsa anthu madzi a mtundu chabe.

Pa nkhani ya TV ndiikepo mawu. Ma TV ambiri otchipa a mainchesi 32 amalandira 1080p kudzera pa HDMI, Windows n'kumaonetsa 1920x1080, pamene galasi lake lenileni ndi la 1366x768. Mukayatsa upscaling pa TV yotereyi mutaika 1080p, chithunzi chimajambulidwa pa 720p, chimakuzidwa kufika pa 1080p, kenako TV imachifinyanso kuti chikwane pa 768p. Khadi lavutika pachabe. Yang'anani nambala ya TV yanu kumbuyo, muifufuze pa intaneti, ndipo ikakhala ya 768p ikani gemu pa resolution yomweyo, upscaling n'kuisiya kaye.

Njira ziwiri zokuzira chithunzi

Njira yakale imatenga fulemu imodzi, n'kuikoka, n'kunola m'mphepete mwa zinthu kuti zioneke zakuthwa. FSR 1.0, imene AMD inatulutsa mu Juni 2021, imagwira ntchito chonchi, chimodzimodzi Nvidia Image Scaling ndi Radeon Super Resolution zimene mumayatsa mu dalaivala, pulogalamu yoyendetsa khadi. Ndi yopepuka kwambiri, koma singabwezeretse chimene sichinajambulidwe. Waya wa magetsi ukasowa pa 720p, usowanso pa 1080p.

Njira yachiwiri ndiyo ili mu DLSS 2 kupita m'tsogolo, FSR 2 kupita m'tsogolo ndi XeSS. Gemu imagwedeza kamera pang'onong'ono pa fulemu iliyonse, mtunda wosakwana pikiselo imodzi, mwakuti fulemu iliyonse imagwira kachidutswa kamene inzake sinagwire. Pulogalamu imasonkhanitsa mafulemu angapo apitawo, ndipo gemu imaiuza kumene chinthu chilichonse chasunthira komanso kutalika kwake kuchoka pa kamera. Mukaima chilili, zidutswazo zimakwanirana, chithunzi n'kuoneka ngati chajambulidwa chonse. N'chifukwa chake zithunzi zongoima zimanamiza: pa screenshot pafupifupi njira zonse zimaoneka bwino.

Mavuto amayamba zinthu zikamayenda. Munthu wanu akathamanga, kumbuyo kwake kumaonekera malo amene fulemu yapitayo sinawaone, ndiye palibe zakale zoti n'kutolapo. Pulogalamu ikakakamira zakale, galimoto imasiya mzukwa wake kumbuyo, zimene osewera amati ghosting. Ikataya zakale mwachangu, udzu ndi masamba zimathwanima ngati zikuwira. Ntchito ya AI ndi yomweyi: kusankha kadontho koyenera kusunga ndi koyenera kutaya. DLSS, XeSS ndi FSR 4 zimagwiritsa ntchito AI yophunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri. FSR 2, FSR 3 ndi FSR 3.1 zilibe AI, zimayendera malamulo olembedwa ndi anthu. Komanso gemu ikamayenda pa 30 fps, fulemu ndi inzake zimasiyana kwambiri kuposa pa 60, choncho zolakwika zimachuluka. Amene akufunitsitsa thandizo la upscaling ndi amene imamuonekera moipa kwambiri.

DLSS

DLSS yoyamba inafika mu Battlefield V ndi Metro Exodus mu Febuluwale 2019, ndipo anthu anaiseka chifukwa inkafafaniza chithunzi. Zinthu zinasintha mu Malichi 2020 ndi DLSS 2.0. Mu Januwale 2025 kunabwera DLSS 4, ya AI ya mtundu wina wotchedwa transformer, imene inachepetsa kwambiri kufafanizika kwa chithunzi kamera ikamayenda.

Kwa ine, pa sikirini ya 1080p, DLSS ndi yokhayo mwa njira zofala imene mukhoza kuyatsa pa Quality n'kuiwala kuti mwaiyatsa. Mawaya, mpanda wa waya, tsitsi, nthambi za patali, zonse zimakhala bata. M'magemu ena chithunzi chake chimaposa ngakhale cha 1080p yathunthu, chifukwa TAA imene magemu ambiri amagwiritsa ntchito posalaza m'mphepete mwa zinthu nayonso imafafaniza. Si yangwiro. Nthawi zina tizinthu touluka, monga masamba kapena mbalame za patali, timasiya kamchira. Koma muyenera kuchita kufunafuna kuti muone.

Vuto lake ndi lodziwika: imafuna ma Tensor core, zigawo zapadera zogwira ntchito ya AI, amene ali m'makhadi a Nvidia a RTX okha, kuyambira RTX 20 kupita m'tsogolo. GTX 1650 ndi GTX 1660, ngakhale zinatuluka mu 2019 pambuyo pa RTX 2080, zilibe. GTX 1050 Ti ndi GTX 1060 n'zosachita kufunsa. Koma malaputopu a RTX 2050 ndi RTX 3050, amene ayamba kuchuluka m'manja mwa anthu, ali nayo, ndipo makhadi ang'onoang'ono amenewa DLSS ndi imene imawapatsa moyo. Transformer ya DLSS 4 imagwira pa RTX iliyonse, ndipo m'magemu ambiri mukhoza kuikakamiza kudzera mu Nvidia App. Kungoti pa RTX 20 ndi RTX 30 ndi yolemerako kuposa yakale, ndiye mafulemu amatsika pang'ono. Ine ndimaona kuti Balanced ya transformer imaoneka bwino kuposa Quality yakale gemu ikamayenda, koma pa khadi laling'ono ngati RTX 2050 yesani zonse ziwiri musanakhazikike.

Palinso DLAA, imene ndi AI yomweyo koma popanda kuchepetsa resolution. Siwonjezera liwiro, imadyako pang'ono. Ndi ya gemu imene khadi lanu likuikwanitsa kale.

FSR

Ubwino wa FSR sitingautsutse: kupatula FSR 4, imagwira pafupifupi pa chilichonse. RX 580, GTX 1060, GTX 1650, ngakhale laputopu yopanda khadi lapadera imene ikudalira graphics ya m'purosesa. AMD inaitulutsa poyera kuti wopanga gemu aliyense aitenge, n'chifukwa chake ili ngakhale pa PlayStation 5, Xbox ndi Steam Deck. Kwa anyamata ambiri amene ndimawaona akusewera pa Kamuzu Road, iyi ndiyo imene ilipo, kufuna osafuna.

FSR 2 inayamba mu Meyi 2022 pa gemu ya Deathloop, FSR 3 mu Seputembala 2023, ndipo FSR 3.1 mu 2024. Pa 4K zimaoneka bwino ndithu. Pa 1440p Quality, zolakwika zilipo koma n'zopiririka. Pa 1080p m'pamene zimagwa. Tengani gemu ya munthu woyenda m'tchire, muike FSR 2 pa Quality, muzungulitse kamera pang'onopang'ono. Mozungulira mutu ndi mapewa a munthuyo muona timadontho tikuthetheka, ngati chithunzi chasweka pamenepo. Yang'anani udzu wa patali, muona ukunyezimira ngakhale kulibe mphepo. Utsi, moto, mvula ndi madzi akuthovoka zimaoneka zamabokosimabokosi chifukwa zinthu zoonekera mkati sizipereka uthenga wabwino wa kumene zasunthira. Mukatsikira pa Performance, 540p ija, ndiye zimanyanya, mpaka mdani wa patali kumusokoneza ndi chitsamba.

Sindikunena kuti musaiyatse. Gemu ikamayenda pa 24 fps n'kukwera kufika pa 35 chifukwa cha FSR, kuthwanima kwa udzu n'kwabwino kuposa gemu yodukizadukiza. Koma pa 1080p imani pa Quality. Ngati Quality sikukwanira, vuto lithetseni potsitsa mithunzi, utsi ndi kuchuluka kwa udzu, osati potsitsanso resolution.

FSR 4 ndi nkhani ina. Inabwera mu Malichi 2025 pamodzi ndi RX 9070 ndi RX 9070 XT, ndipo ndi FSR yoyamba ya AI. Kuthetheka kuja kunatha pafupifupi konse, ndipo tsopano AMD ili pa mpikisano weniweni ndi Nvidia. Koma inatulutsidwira makhadi a RX 9000. RX 9070 XT inayamba kugulitsidwa pa madola 599, ndipo RX 9060 XT ya 16GB pa madola 349. Muwonjezerepo mtengo wotumizira, msonkho ndi mmene dola ikusowera, muona kuti wa RX 580 nkhani imeneyi akungoimva ngati ya kwa eni.

XeSS, imene ambiri amailumpha

Anthu akaona dzina la Intel amaganiza kuti si yawo. Chonsecho XeSS, imene inatuluka mu 2022 pamodzi ndi makhadi a Arc, ili ndi mitundu iwiri. Wina umayendera ma XMX, zigawo za AI za m'makhadi a Arc monga A750 ndi B580, ndipo chithunzi chake chimayandikira DLSS yakale. Winawo ndi wopepukirako, umayendera malangizo otchedwa DP4a amene ali m'makhadi a Nvidia kuyambira GTX 10, a AMD kuyambira RX 6000, komanso mu Iris Xe ya m'malaputopu a Intel. Gemu sikuuzani mtundu umene ikugwiritsa ntchito, imangosankha yokha malinga ndi khadi lanu.

Wa GTX 1660 kapena RX 6600, ngati gemu ili ndi XeSS ndi FSR 2 kapena 3, ayambe wayesa XeSS. Nthawi zambiri chithunzi chake chimakhala chodekha, udzu suthwanima kwambiri ndipo mozungulira munthu simuthetheka. Chimakhala chofewerako, ndipo nthawi zina tizinthu tating'ono touluka timasiya mzukwa, koma m'maso n'chosatopetsa. Mtengo wake ndi wakuti ndi yolemera kuposa FSR, ndiye mafulemu amene mumapindula ndi ochepa. Pa RX 580 ndi RX 5700, zimene zilibe DP4a, phindulo limachepa mpaka nthawi zina kusowa. Eni makhadi amenewa angotsalira pa FSR.

Chenjerani ndi maina. Kuyambira XeSS 1.3 ya mu 2024, Intel inasintha masikelo: Quality yake imagawa ndi 1.7, Balanced ndi 2, ndipo yofanana ndi Quality ya DLSS ndi FSR ndi Ultra Quality. Mukayerekeza XeSS Quality ndi FSR Quality mu gemu yatsopano, ndiye kuti XeSS mwaiyambitsira pa chithunzi chaching'ono kuposa inzake.

Zina zotsala sizifuna mawu ambiri. Magemu a Unreal Engine 5, monga Fortnite, ali ndi TSR yawoyawo, imene imagwira pa khadi lililonse ndipo kawirikawiri imaoneka bwino kuposa FSR 2, ngakhale ndi yolemerako. Lossless Scaling ndi pulogalamu yogula pa Steam imene imakuza chithunzi cha gemu iliyonse, ngakhale yakale. Popeza siilandira uthenga kuchokera mkati mwa gemu, imakuza zonse pamodzi ndi zilembo ndi mapu, ngati mmene Nvidia Image Scaling ndi Radeon Super Resolution zimachitira. Izi ndi za gemu imene ilibe njira ina iliyonse.

Mafulemu opeka

Frame Generation imakhala pafupi ndi upscaling m'masetingi, ndipo imatchedwa ndi maina omwewo, koma ndi chinthu china. Imatenga mafulemu awiri enieni n'kupeka lina pakati pawo. Nvidia inayamba nayo mu Okutobala 2022 pa RTX 40, AMD inatsatira ndi FSR 3 imene imagwira pa makhadi ambiri, ndipo RTX 50 inabwera ndi yopeka mafulemu mpaka atatu pa lenileni limodzi. Nambala ya fps imakwera mosangalatsa, koma gemu imamva batani lanu pa mafulemu enieni okha, ndipo imachedwanso pang'ono chifukwa iyenera kusunga fulemu imodzi kuti ipeke ya pakati. AMD yomwe imalangiza kuti muziiyatsa gemu ikakhala kale cha pa 60 fps.

Tsono taganizani za TV kapena laputopu ya 60Hz, imene ambirife tili nayo. Singaonetse mafulemu oposa 60 pa sekondi. Mukayatsa Frame Generation n'kutsekera pa 60, enieni ndi 30 okha. M'maso muona 60, m'manja mumva 30 yochedwa. Imadyanso VRAM, memory ya khadi la graphics, imene pa khadi la 4GB kapena 6GB ndi yosowa kale. Ngati mulibe sikirini ya 120Hz kapena 144Hz, isiyeni. Chokhacho chabwino kudziwa n'chakuti kuyambira FSR 3.1, wa RTX 20 kapena RTX 30 akhoza kuphatikiza upscaling ya DLSS ndi Frame Generation ya AMD m'magemu amene amalola.

Chifukwa chimene mafulemu sakwerera monga mumayembekezera

Mapikiselo akachepa ndi theka, fps siiwirikiza kawiri. Ntchito zina za khadi, monga kuwerengera mithunzi ndi maonekedwe a zinthu, sizichepa resolution ikatsika, komanso upscaling nayo imadya nthawi. Tingoyerekeza: fulemu imodzi ikutenga mamilisekondi 25, kutanthauza 40 fps. Kutsikira pa 720p kwachotsapo 10, koma upscaling yabwezapo 2. Mwatsala ndi 17, pafupifupi 59 fps. Pa khadi lofooka, 2 uja akhoza kukhala 4 kapena 5, ndiye phindu limafota. N'chifukwa chake XeSS imakoma pa RX 6600 koma n'kulemera pa GTX 1050 Ti.

Ndiye pali makompyuta aja a mu ofesi, Dell OptiPlex kapena HP ya Core i5 yakale, imene munthu wangoikamo GTX 1650 chifukwa khadilo limadya mawati 75 okha ndipo mitundu yake yambiri siifuna chingwe chapadera cha magetsi. Kompyuta yotereyi nthawi zambiri imagwidwa ndi purosesa, osati khadi. Mukalowa mumzinda wodzaza anthu ndi magalimoto, purosesa imalephera kukonza mafulemu mwachangu, khadi n'kumangodikira. Apa upscaling siithandiza chilichonse: muwononga chithunzi, fps ikhala pomwepo. Kuti mudziwe, ikani pulogalamu ya MSI Afterburner muziona GPU usage, mmene khadi latanganidwira, mukusewera. Ikamakhala pa 97 kapena 99 peresenti, khadi ndilo lathodwa, upscaling ithandiza. Ikamasewera m'ma 60 ndi 70 pamene simunatsekere fps, vuto lili kwina. Chepetsani kuchuluka kwa anthu m'misewu ya gemuyo, ndipo onani ngati RAM yanu ndi ndodo imodzi. Kuika yachiwiri yofanana nayo kumathandiza kwambiri, makamaka pa laputopu yodalira graphics ya m'purosesa, kuposa setingi iliyonse ya FSR.

VRAM nayo upscaling imaipeputsa pang'ono chabe. Ma texture, zithunzi zokuta zinthu za mu gemu, amakhalabe aakulu momwemo. Gemu ikamayenda bwino kenako n'kukakamira mukangotembenuka, pa khadi la 4GB, tsitsani Texture Quality.

Kutentha ndi magetsi

Phindu limene oyesa a kunja salitchula kawirikawiri ndi limene ine ndimaliona lalikulu kuno kunyanja. Masana a Okutobala ndi Novembala, m'chipinda mukhoza kutentha kupitirira madigiri 30 kompyuta isanayake n'komwe. Makhadi ambiri a Nvidia akafika cha m'ma 83 digiri amayamba kudzichepetsera liwiro okha kuti asapse. Ndiye mumaona gemu yayamba bwino, patapita mphindi makumi awiri fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, mafulemu akutsika. Fumbi la nyengo ya mwera likadzaza m'mafani, zimafulumira kuposa pamenepo.

Mukayatsa upscaling n'kusiya fps yosatsekera, khadi limagwirabe ntchito ndi mphamvu zake zonse, kungoti likutulutsa mafulemu ambiri, ena oti sikirini yanu ya 60Hz siwaonetsa. Kutentha kumakhala komweko. Koma mukayatsa DLSS Quality n'kutsekera pa 60 fps, kaya mu gemu momwemo, mu Nvidia Control Panel kapena mu AMD Adrenalin, khadi limamaliza fulemu msanga n'kupuma podikira inzake. Mawati amatsika, fani imadekha, ndipo gemu imayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine 60 yokhazikika ndimaikonda kuposa 85 imene ikhala 50 pakatha ola. Ngati 60 siikutheka, tsekerani pa 40 kapena 30, bola ikhale yosagwedera.

Pa mayunitsi ziliponso. RTX 3060 imadya mawati 170 ikamagwira ntchito mwamphamvu, kutanthauza yuniti imodzi pa maola 6, khadi lokha, osawerengera purosesa ndi TV. RX 580 imadya 185, RTX 2060 160, RX 6600 132, RTX 4060 115. Wa nyumba imodzi mwina sangazimve, koma amene ali ndi malo oseweretsa magemu a makompyuta anayi kapena asanu, kapena amene magetsi akazima amadalira inveta ndi batire ya sola, kutsekera fps kumamusiyanitsira zambiri.

Mmene mungayesere nokha

Musaweruze poonera vidiyo, makamaka ngati mwaitsitsira pa 360p posunga bandulo. YouTube imafinya chithunzi mwakuti kuthwanima kwa udzu kumabisika, ndipo screenshot yodutsa pa WhatsApp ndiye yatheratu. Yesani pa sikirini yanu, mutakhala pamene mumakhala nthawi zonse. Pezani malo mu gemu amene pali mpanda wa waya kapena mawaya a magetsi, kumbuyo kwake kuli mitengo. Imani kaye masekondi angapo, muone ngati mawayawo ali athunthu kapena akuduka. Kenako yendani cham'mbali mukuyang'ana mpandawo. Kenako thamangani, maso ali pa mapewa a munthu wanu ndi pansi pamene wangodutsa. Ngati ndi gemu ya magalimoto, dikirani usiku wa mu gemumo muone nyali za kumbuyo za galimoto ya patsogolo panu pokhota. Sinthani njira, mubwereze pa malo omwewo. Sharpness musaikweze kwambiri. Imachititsa chithunzi kuoneka chakuthwa mukaima, koma imakuza kuthwanima mukayenda.

Kukula kwa sikirini kumasintha zambiri. Pa laputopu ya mainchesi 15.6 ya 1080p, mapikiselo ndi ang'onoang'ono mwakuti ngakhale FSR Quality imapiririka. Chithunzi chomwecho pa TV ya mainchesi 43 mutaikhalira pafupi chimaonetsa chilema chilichonse, koma mukasunthira mpando kumbuyo mamita awiri zambiri zimabisika. Pa magemu owomberana pa intaneti, pamene mdani wa patali ndi timadontho tochepa, ndi bwino kutsitsa masetingi ena onse n'kusiya resolution yathunthu ngati khadi likukwanitsa.

Pogula

Ngati mukufuna khadi logwiritsidwapo kale ntchito, kaya ku Lilongwe kapena kwa wobwera nalo kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai, upscaling iyenera kulowa m'masamu anu. GTX 1660 Super ndi RTX 2060 zonse zili ndi 6GB, koma RTX 2060 ndi yamphamvuko ndipo ili ndi DLSS. Mitengo ikayandikana, palibe chokambirana. Pakati pa RX 6600 ndi RTX 2060 m'povutirapo. RX 6600 ili ndi 8GB, imadya magetsi ochepa ndipo imathamangako popanda upscaling, koma ikadzatopa mudzadalira XeSS ndi FSR 3. Ine kuno kotentha ndingatenge RX 6600 ngati magemu anga ndi opepukirako, koma pa magemu olemera atsopano ndingalimbikire kusunga ndalama mpaka zikwane RTX 3060 ya 12GB. RX 580 ya 8GB imakopa chifukwa chotchipa, koma ndi ya 2017, yambiri inagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto, ndipo ija yolembedwa 2048SP kwenikweni mphamvu zake ndi za RX 570. Arc B580 ya 12GB inatuluka mu Disembala 2024 pa madola 249 ndipo XeSS yake ndi ija yabwino, koma imafuna kompyuta yatsopanoko yokhala ndi Resizable BAR, setingi yolola purosesa kufikira VRAM yonse ya khadi nthawi imodzi. Mu OptiPlex yakale idzakukhumudwitsani.

Pa laputopu, musakhulupirire sitika ya pa chivundikiro kapena mawu a wogulitsa akuti "ndi ya gaming iyi, bwana". Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muwerenge dzina la GPU: likakhala ndi GTX, DLSS palibe. Likakhala RTX 3050, funsaninso zinthu ziwiri. Choyamba ndi VRAM, chifukwa ilipo ya 4GB ndi ya 6GB. Chachiwiri ndi mawati amene wopanga laputopuyo analola khadilo kudya, popeza RTX 3050 ya 4GB ya m'laputopu imapezeka kuyambira ya mawati 35 mpaka ya 80, dzina lili limodzimodzi. Nambalayi imaoneka mu Nvidia Control Panel, pa System Information, pamzere wa Maximum Graphics Power. Pemphani kuti muiyatse gemu mphindi makumi awiri chaja ili pamagetsi, dzanja lanu lili pafupi ndi potulukira mpweya, musanatulutse ndalama.